Alamu Anapita Kukatsanzika kwa Mudiru

Ndisanabwere ku Doha, likulu la Qatar, ndinali mtolankhani ku Blantyre, ndipo tsamba langa linali la zaluso, lija la kumapeto kwa nyuzipepala, loyandikana ndi zamasewera. Chaka chilichonse bajeti ikawerengedwa ku Nyumba ya Malamulo ndinkalemba nkhani yofanana, yoti oimba, ojambula ndi a zisudzo aiwalidwanso. Mkonzi ankaidula pakati kuti chithunzi cha mpira chikwane. Akuluakulu a boma ndikawafunsa, ankayankha mofatsa kuti dziko losowa mankhwala m'zipatala silingayambe ndi zithunzi. Ndinalibe chowatsutsa nacho, poti ndinali ndisanaone ndi maso anga zimene ndalama ya boma imachita ikalowa m'zaluso.

Ndinadzaziona kuno. Ndinapeza ntchito pakampani yaing'ono yosindikiza m'dera la Bin Mahmoud mumzindawu, yowerenga ndi kukonza mawu achingerezi asanalowe m'makina. Ntchito yathu yambiri inkachokera ku nyumba zoonetseramo zaluso zimene boma limalipirira. Tinkasindikiza timapepala tolimba tomata pakhoma pambali pa chithunzi, mabuku ofotokoza chionetsero, ndi zikwangwani za m'misewu. Chionetsero chikayandikira makina athu sankazima, ndipo sitinali ife tokha. Akalipentala ankakhoma makireti onyamulira zithunzi, opaka penti ankasintha mtundu wa makoma, madalaivala ankadikira katundu kubwalo la ndege, alonda ndi oyeretsa ankawonjezeredwa maola, ndipo kakantini ka pakona pa msewu wathu kankagulitsa tiyi wamkaka mpaka makapu kutha. Ambiri a ife sitinkaitanidwa pa tsiku lotsegulira. Koma ndalamayo inkachoka ku ofesi ya boma, n'kudutsa makampani awiri kapena atatu, n'kukathera kwawo kwa antchitowo, ku Kerala, ku Kathmandu ndi ku Liwonde.

Ya ku Liwonde inkadzera mwa alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Anali kalipentala pakampani ina yonyamula ndi kupachika zithunzi, ndipo ndi iwo anandiitana kuno. Kireti iliyonse ankaipangira chithunzi chake, mkati n'kuyalamo siponji, ndipo ankaitseka ndi masikuluwu, osati misomali, chifukwa hamala imagwedeza penti. Ankagona kukampu ya kampani, kudera la mafakitale kunja kwa mzinda. Ine ndinali ndi kachipinda kanga m'fulati yogawana ku Rawdat Al Khail, ndipo Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti ankabwera kudzadya nane mpunga ndi kudzandiseka.

"Alamu, munthu wamkulu ndithu kuwoloka nyanja kudzasaka timadontho papepala? Achemwali anu ndikawauza amati ndikunama."

"Inunso munawoloka kudzapanga mabokosi opanda maliro," ndinkawayankha, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

Mu 2020 kutsokomola kunasiya kukhala koseketsa. Mliri wa korona utafika, nyumba zonse zoonetseramo zaluso zinatsekedwa, sitima za metro zinaima, ndipo mbali ina ya dera la mafakitale inazingidwa, osalowa osatuluka. Alamu anali mkatimo. Ndinkawaimbira m'mawa uliwonse, ndipo ndinkamvetsera kwambiri zimene zinkamveka kumbuyo kwawo kuposa mawu awo. Tsiku lina ndinamva munthu akukhosomola motalika, ndipo ndinafunsa kuti ndani.

"Ndi wa bedi lapamwamba. Akuti ndi fumbi."

"Nanga inu mukuona ngati ndi fumbi?"

"Ine ndine kalipentala, alamu, si dokotala. Musawauze achemwali anu."

Sindinawauze. Kuntchito kwathu, timapepala ta chionetsero chimene chinali pafupi kutsegulidwa tinatsalira m'makatoni pansi pa tebulo langa. Abwana anga anatichepetsera masiku ogwira ntchito. M'mawa uliwonse ndinkawerenga nyuzipepala zachingerezi za kuno monga ndinaphunzitsidwira, kuyambira ndime yomaliza, kumene amabisa nkhani yeniyeni. Mtengo wa mafuta unali utagwa, ndipo maofesi a boma ankauzidwa kuti achepetse zowononga. Sindinafunikire wina woti andiuze kuti mpeni umayambira mbali iti, popeza ndinali nditazilemba kwa zaka zambiri kwathu. Kusiyana kwake n'koti kwathu kunalibe chodula, pamene kuno moyo wanga ndi wa alamu unali pa chimene chinkadulidwacho. Ndipo kuno ntchito ikatha sikuti umangokhala pakhomo n'kumasaka ina. Chiphaso chako chokhalira m'dzikomu, chimene tonse timangoti ID, chimakhala m'dzina la kampani yokulemba ntchito. Kampani ikachikansela, umapatsidwa masiku owerengeka oti utuluke.

Mpanda utachotsedwa, alamu anatuluka ali bwinobwino koma atawonda. Kampani yawo inalibe chithunzi ngakhale chimodzi choti ipachike. Anzawo ena anabwezedwa kwawo. Iwo anasungidwa chifukwa ankatha kupanga timafelemu ta pulasitiki yoonekera, tija tinkaikidwa pamakauntala kuti wogula ndi wogulitsa asapumirane. Malipiro anayamba kuchedwa. Ku Liwonde ana awiri anali kusekondale, ndipo nyumba imene ankamanga inali itafika pamawindo.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho kunabwera zinthu ziwiri. Choyamba chinali lamulo latsopano la ntchito. Kale munthu sankasintha kampani popanda kalata ya chilolezo yochokera kwa bwana wake. Tsopano kalatayo inathetsedwa. Ukapeza kampani ina, unkangolowetsa kalata yake m'sisitemu ya unduna wa zantchito, unduna n'kutumiza meseji pafoni yako ndi ya bwana wako, iwe n'kugwira notisi ya mwezi umodzi ngati unali usanakwanitse zaka ziwiri, kapena miyezi iwiri ngati unapitirira. Ndinaliwerenga mobwerezabwereza, ndipo linali lamulo labwino. Chachiwiri chinali chakuti boma, ngakhale linkadula kwina, silinasiye kukonzekera mpikisano waukulu wa mpira wapadziko lonse, ndipo mwa zokonzekerazo munali ziboliboli zikuluzikulu zoti ziimikidwe m'misewu ndi m'mapaki. Kampani ina ya kudera la maofesi la West Bay inkayembekezera kontrakiti yozinyamula ndi kuziimika. Kapitawo wake anali atagwirapo ntchito ndi alamu, ndiye anawaimbira kuti akuwafuna. Kalata, anatero, ibwera boma likangosayina.

Ndinawayalira alamu ndondomeko yake Lachisanu lotsatira. Adikire kalata, tiilowetse m'sisitemu, meseji ibwere, ndipo pokhapo ndi pamene angatsegule pakamwa kuntchito. Pagulu lathu la Amalawi la pafoni panali patayamba kale kumveka za mabwana ena amene, akanunkhiza kuti munthu akufuna kuchoka, ankathamangira kukansela ID yake kapena kukamunenera kuti wathawa. Zimenezi ndinawauzanso.

Alamu anapukuta m'manja, n'kukankhira mbale pambali.

"Ndiye mukuti mudiru amve kwa foni ya boma kuti ndikuchoka?"

Mudiru ndi mmene ankatchulira mkulu woyendetsa kampani yawo.

"Ndi mmene lamulo likunenera."

"Lamulo silinadyeko kwa munthu ameneyu. Bambo anga atamwalira, anandisayinira tchuthi tsiku lomwelo, tikiti n'kundigulira. Pamene anzanga amawakweza ndege, ine anandisiya. Lero ndimuzembe ngati ndaba nkhuku?"

"Simukuzemba, alamu. Mukatsanzika ndithu, koma meseji itabwera."

"Kumeneko si kutsanzika, n'kudziwitsa. Munthu amatsanzika ulendo usanapse, kuti ngati mwininyumba ali ndi mawu anene. Kwanu ku Blantyre mwina mumangotseka geti n'kumapita."

Tinaimbira achemwali kuti atiweruze. Ndinkaganiza kuti mayi wa ana awiri a kusekondale aima ndi ine. Anamvetsera mbali zonse, kenako anati, "Achimwene, musawaphunzitse zamwano amuna anga. Akatsanzike, tisamveke ngati anthu osaleredwa. Ndipo inuyo muwaperekeze, nkhani yotere munthu sapita yekha."

Tinapita masana ena ku ofesi ya kampaniyo, yomwe inali ku Bin Mahmoud komweko, misewu ingapo kuchokera kuntchito kwanga. Alamu anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu ndi kofia, ndipo ananyamula paketi ya tiyi wa ku Mulanje imene ankasunga m'sutikesi. Pakhomo mlonda anatiloza kamfuti koyezera kutentha pachipumi, n'kuona mafoni athu ngati apu ya korona ikuonetsa kubiriwira, chizindikiro choti tilibe matendawa. Pamakwerero ndinayesanso komaliza.

"Mukangothokoza basi. Za kampani inayo musatchule."

"Mukhale chete ngati mboni," anatero.

Mudiru anali bambo wa imvi, wa maso otopa, masiki ili pachibwano. Patebulo pake panali felemu ya pulasitiki yoonekera, ntchito ya manja a alamu. Anatilozera mipando. Alamu sanakhale msanga. Anapereka tiyi uja ndi manja awiri, atawerama pang'ono, kenako anakhala kumphepete kwa mpando n'kuyamba monga timayambira kwathu, m'chingerezi chawo chosakaniza ndi Chiarabu, ine ndikuthandiza pamene mawu awathawa. Anathokoza chifukwa cha ntchito. Anakumbutsa za maliro a bambo awo. Anapepesa ngati panali tsiku limene anamulakwira osadziwa. Mudiru ankagwedeza mutu, ndipo ndikhulupirira kuti zinamukhudza, chifukwa anaika dzanja pachifuwa. Pomaliza alamu ananena kuti kwapezeka khomo lina, ndipo sanafune kuti bambo wawo wa kuno amve kwa anthu.

Mudiru anatembenuza paketi ya tiyi m'manja. Kenako anafunsa kuti kampani yake ndi iti. Alamu anaitchula. Anafunsanso, mosaonetsa chidwi, ngati kalata yawo yabwera kale.

Ndagwirapo ntchito yofunsa anthu mafunso, ndipo ndimalidziwa funso limene munthu amafunsa pofuna chinthu chimodzi chokha. Ndinawaponda alamu chala pansi pa tebulo.

"Sinabwere," anatero alamu. "Akudikira boma lisayine."

"Mafi mushkila," anatero mudiru, kutanthauza kuti palibe vuto. "Inshallah zikhala bwino."

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Alamu anatsitsa masiki n'kupuma mpweya wambiri, nkhope ili ngwee.

"Mwaona, a mtolankhani? Mantha anu aja ali kuti? Chala changa mwangochipweteka chabe."

Sabata isanathe meseji inabwera pafoni yawo, koma si imene tinkayembekezera. ID yawo inali itakanselidwa. Madzulo ake woyang'anira kampu anawauza kuti bedi likufunika. Anafika kwanga ndi sutikesi ndi chikwama cha pulasitiki, m'thumba la malaya muli tepi yawo yoyezera, poti zida zina zonse zinali za kampani. Sanandiyang'ane kumaso, nane sindinanene kuti ndinanena.

Alamu anamuimbira mudiru ine ndili pomwepo, foni ili pasipika. Bamboyo sanakalipe. Anati alamu anabwera okha kudzatsanzika, ndipo iye analandira kutsanzikako. Anati ali ndi anthu oti awadyetse popanda ntchito yolowa, ndipo sangasunge viza ya munthu amene mtima wake uli kale kwina. Anawonjezera kuti nkhani itamveka kuwekishopu, enanso anayamba kufunsa za lamulo latsopanoli, ndipo akalekerera mmodzi atsala ndi makina okhaokha. Tikiti yobwerera kwawo awagulira, monga lamulo likunenera. Alamu anathokoza m'Chiarabu kuti, "Shukran, mudiru," n'kudula foni.

Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kukhala ngati anthu obisala, ngakhale panalibe chimene tinalakwa. Mwini fulati sankalola munthu woonjezera m'chipinda, makamaka nthawi ya mliri, ndiye alamu ankasamba anzathu a m'zipinda zina atapita kuntchito, ndipo nsapato zawo tinkazilowetsa mkati. Wina akagogoda tinkayang'anana kaye. Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali choti mudiru angasinthe maganizo n'kukanena kuti alamu athawa, chifukwa mlandu umenewo umafikitsa munthu m'manja mwa apolisi ndipo ukhoza kumutsekera khomo lobwereranso. Galimoto ya polisi ikadutsa pang'onopang'ono mumsewu wathu, ndinkaima pawindo mpaka ikhote. Ndinkaopanso matenda. Mmodzi wa ife akanadwala, akanafunsidwa kumene amagona ndi amene amagona naye. Alamu akayetsemula ndi fumbi la ekoni yoziziritsira chipinda, ndinkawayang'ana moti mpaka anandiuza kuti, "Alamu, maso amenewo mundipha nawo korona asanandipeze."

Ku ofesi ya zantchito tinaima pamzere wa timizere tapansi totalikirana. Mayi amene anatithandiza anali waulemu ndipo ankadziwa ntchito yake. Anati zimene kampani yachita tikhoza kuzidandaula, ndipo dandaulo analilandira, koma limatenga nthawi kuti limvedwe. Njira yachidule inali imodzi: kampani yatsopano ibweretse kalata yake masiku a alamu asanathe, ndipo zinthu zikhoza kukonzedwa. Choncho moyo wonse wa banja la ku Liwonde unatsamira pa siginecha ya munthu wina amene sitinkamudziwa, mu ofesi ina ya boma, yovomereza kuti ziboliboli ziimikidwe.

Tinakwera metro kupita ku West Bay, mipando ina itamatidwa zikwangwani zoletsa kukhalapo. Nyumba zake zagalasi zinali zii, maofesi ambiri akugwirira kunyumba. Mlonda sanatilole kukwera, ndiye kapitawo uja anatsika kudzatipeza pansi. Atamva nkhani anagwira mutu.

"Bwanji munamuuza? Ndani anakuuzani kuti mumuuze?"

Kapitawo anati iye sangalembe kalata kontrakiti isanatuluke, chifukwa abwana ake aletsa kulemba munthu aliyense. Mapepala onse ali patebulo la boma, koma bajeti ikuunikidwanso. Mwina mawa, mwina sabata yamawa. Tinabwererako kangapo, yankho lili lomwelo. Ine ndinkasaka m'nyuzipepala ndime iliyonse yonena za ziboliboli. Ndinkapeza zithunzi za mmene mzinda udzaonekere, koma tsiku losayina silinkatchulidwa.

Masana alamu ankakhala okha m'chipinda. Anakonza chitseko cha kabati yanga, anakonza mwendo wa bedi, kenako zokonza zinatha. Ndikaweruka ndinkawapeza atakhala pamkeka wawo wopempherera, foni ili pambali, atayatsa mawu ake mpaka kumapeto. Achemwali akaimba ankawauza kuti zonse zili m'manja mwa Mulungu. Tsiku lina achemwaliwo anandiimbira pandekha.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Kodi tinalakwitsa?"

Ndinawauza kuti kalata ikhoza kubwerabe. Zinali zoona, ngakhale sindinkazikhulupirira.

Masiku atatsala ochepa, tinakhala pansi. Kupitirira tsiku lomaliza kukanatanthauza chindapusa, mwinanso kutsekeredwa ndi kuletsedwa kubwerera. Alamu anati sakufuna kuti ana awo adzamve kuti bambo awo anatuluka ku Qatar ali ndi apolisi kumbuyo. Anavomera tikiti ya mudiru. Panatsala chinthu china choopsa, kuyezetsa korona, popeza popanda chikalata choti alibe sakanakwera ndege. Akanapezeka naye, akanatsekeredwa kwaokha tsiku lawo n'kudutsa, ndipo palibe amene ankatha kutiuza motsimikiza kuti zikanatha bwanji. Anawalowetsa kathonje m'mphuno mpaka misozi. Tsiku lodikira zotsatira sitinadye. Zinatuluka zabwino.

Ndinawaperekeza pa takisi m'mawa. Operekeza sankaloledwa kulowa, ndiye tinasiyana pakhomo la bwalo la ndege, popanda kugwirana chanza. Anandiuza kuti kapitawo amusiyira nambala yanga, poti yawo ifa akangotuluka m'dziko. Anakankha ngolo yawo n'kulowa, ndipo chitseko chagalasi chinatsekeka chokha.

Patapita masabata angapo, ndili pa tebulo langa, foni inalira. Anali kapitawo, mawu ake ali okondwa. Boma lasayina. Ziboliboli zoyamba zili m'njira pa sitima yapamadzi, ndipo akufuna alamu ayambe Lamlungu, lomwe kuno ndi tsiku loyamba la sabata. Ndinamuuza kuti alamu ali ku Liwonde. Anati kutenga munthu amene ali kale m'dzikomu n'kosavuta tsopano, koma kuitanitsa wa kunja pa viza yatsopano, ndi mmene malire alili, sangathe kudikira. Anafunsa ngati ndikudziwa kalipentala wina wachimalawi amene ali konkuno. Ndinati ndifunsa.

Ndinaganiza zowabisira, koma kubisa nkhani si ntchito imene ndinaphunzira. Ndinawaimbira nditaweruka. Kumeneko kunkagwa mvula, ndipo inkamveka pamalata a nyumba ya lendi. Ndinawafotokozera zonse mwandondomeko, iwo osandidula.

"Ndiye kuti asayina ndithu," anatero.

"Asayina."

"Nanga viza ya kunjayo, simungawafunsenso?"

"Ndafunsa, alamu. Akuti pakadali pano ayi."

Mvula inapitiriza kugunda pamalata. Ndinawamva akupuma.

"Chabwino," anatero. "Lankhulani ndi achemwali anu, ali pompano."